Ana Akabwera ndi Kamba Pakhomo

Amayi anzanga, mvula ikayamba ana amatola kamba kumunda, koma ntchito yomusamala imagwera ife. Musalole kuti abambo aboole chigoba chake pofuna kumumanga chingwe. Chigobacho ndi fupa lamoyo. Kamba amamva kuwawa, ndipo balalo limatha kuwola. Mumangireni kampanda pamene pali dzuwa ndi mthunzi, agalu asafikepo.

Nsima, buledi ndi ndiwo zamchere si chakudya chake. Mupatseni udzu wanthete, nkhwani ndi chisoso, muziwazapo makoko a mazira osinja kuti chigoba chilimbe. Madzi akhale m'mbale yosazama. Akamadya pang'ono mu June ndi July musadandaule, n'kuzizira chabe.

Ana akamugwira asambe m'manja ndi sopo asanadye, pakuti zitosi zake zimakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Mwana wosakwana zaka 5 azingomuonera patali.