Musathamangire kunena kuti sensa yafa

Teremu yatha, ophunzira atatu a kalabu yathu ya sayansi anandipeza nkhope zitagwa. Ankapanga kachipangizo koyezera kutentha ndi kupanikizika kwa mpweya pogwiritsa ntchito Arduino Uno ndi sensa ya BMP280, koma pa kompyuta sipankatuluka nambala ngakhale imodzi. "Aphunzitsi, sensa ija yafa, tiyitanitse ina." Apa n'kuti atasintha pulogalamu kanayi konse, zonse zokopera pa intaneti. Ndinangowafunsa funso limodzi: mwayezapo chiyani? Onse anangoti zii.

Maganizo anga ndi akuti mawu oti "yafa" azikhala omaliza kutuluka pakamwa panu, osati oyamba. Mu fizikisi sitikhulupirira chinthu tisanachiyese. Komanso masensa sapezeka pagolosale yapafupi. Mukataya yabwinobwino, ndalama zapita, ndipo mudikira masabata kuti ina ifike, mwina tsiku lachionetsero litadutsa.

Kuti mupeze vuto, yambani mwadziwa mmene zipangizozi zimalankhulirana. Masensa ambiri amagwiritsa ntchito njira yotchedwa I2C, yomwe kampani ya Philips inayambitsa mu 1982. Imafuna mawaya awiri okha otumizira uthenga: SDA wonyamula uthengawo, ndi SCL wopereka kugunda kwa nthawi kuti onse ayendere limodzi. Pa Uno, SDA ndi pini A4 ndipo SCL ndi A5. Zipangizo zingapo zitha kugawana mawaya omwewo chifukwa chilichonse chili ndi adiresi yakeyake. Zili ngati mphunzitsi akuitana mayina m'kalasi: Arduino imatchula adiresi, mwini wake n'kuyankha kuti "ndilipo". Ndiye sensa ikapanda kuyankha, pali zifukwa zambiri. Mwina ilibe magetsi, mwina siyikumva, mwinanso mukuitana dzina la wina.

Choyamba tengani multimeter. Yezani pakati pa VCC ndi GND pasensa penipenipo, osati pa Arduino. Ma breadboard ena ali ndi mizere ya magetsi yodukiza pakati, ndipo mawaya otchipa aja amatha kuduka m'kati kunja akuoneka bwinobwino. Onetsetsaninso kuti GND ya sensa yalumikizana ndi GND ya Arduino. Voltage ndi kusiyana kwa malo awiri, choncho popanda poyambira pamodzi, uthenga ulibe tanthauzo. Samalaninso kuti Uno imayendera 5 V pomwe BMP280 siyenera kupitirira 3.6 V. Ngati kabolodi kanu kalibe regulator, kalumikizeni ku 3.3 V.

Kenako yezani SDA ndi SCL pamene palibe uthenga ukuyenda. Onse awiri azionetsa voltage yapamwamba, pafupi ndi ya magetsi anu. Chifukwa chake n'chosangalatsa. Pa I2C palibe chipangizo chimene chimakankhira waya m'mwamba, zonse zimangokokera pansi ku 0 V. Chobwezera waya m'mwamba ndi resistor yotchedwa pull-up, kawirikawiri ya 4.7 kΩ. Ganizirani chitseko cha sipuling'i chimene chimadzitseka chokha mukachisiya. Lamulo la Ohm lija mumaloweza chifukwa cha mayeso likugwira ntchito pompano: 3.3 V kugawa ndi 4,700 Ω ndi pafupifupi 0.7 mA, kamphamvu kochepa koti sensa itha kukagonjetsa pokokera waya pansi. Mukapeza waya uli pa 0 V nthawi zonse, ndiye kuti wagundana ndi GND, kapena chipangizo china chaugwira osausiya.

Kutalika kwa mawaya nakonso n'nkhani. Waya aliyense amasunga timagetsi pang'ono ngati capacitor, ndipo malamulo a I2C amaika malire a 400 pF pa liwiro la 100 kHz. Mawaya akatalika, voltage imachedwa kukwera, ndiye 1 amawerengedwa ngati 0. N'chifukwa chake sensa imene imagwira bwino patebulo imatha kuyamba misala mukaikokera panja ndi waya wa mamita angapo. I2C anaipangira zipangizo zoyandikana.

Mukatsimikiza za magetsi, ikani kapulogalamu kotchedwa I2C scanner. Kamaitana maadiresi onse limodzilimodzi n'kukuuzani amene ayankha. Apa ndi pamene anzanu aja anapezera chilungamo. Sensa inayankha pa 0x76, pomwe library imene ankagwiritsa ntchito inkaitana 0x77. BMP280 imatha kukhala ndi iliyonse mwa maadiresi awiriwa, malinga ndi mmene pini yake ya SDO yalumikizidwira. Anasintha nambala imodzi basi, manambala n'kuyamba kutuluka. Sensa imene amafuna kuiponya m'dzala inali yamoyo.

Zoterezi zilipo zambiri. Sensa ya MPU6050 ndi wotchi ya DS3231 zonse zimayankha pa 0x68. Mukaziika pamodzi zimalankhula nthawi imodzi, mpaka mutalumikiza pini ya AD0 ya MPU6050 ku voltage yapamwamba kuti isamukire pa 0x69. Masikirini a LCD nawo, ena ali pa 0x27, ena pa 0x3F.

Wina anganene kuti, "Koma aphunzitsi, kufufuza pa YouTube n'kwachangu." Zoona, ine ndemwe ndimafufuza, ndipo si kulakwa. Koma wopanga kanemayo sakuona tebulo lanu. Sadziwa kuti mwasinthanitsa A4 ndi A5, kapena kuti waya wanu wakuda waduka. Ndipo mukasintha pulogalamu, mawaya ndi sensa nthawi imodzi, ngakhale zitagwira simudziwa chimene chinalakwika, mawa mudzakodwanso pomwepo. Sinthani chinthu chimodzi, yezani, lembani m'kope. Ndi zomwe timachita pa practical iliyonse, eti?

Winanso angati, "Nanga masensa safa?" Amafa ndithu, makamaka mukawapatsa voltage yopitirira muyezo kapena kutembenuza VCC ndi GND. Koma mudzanene zimenezo mutaona kuti magetsi akufika, mawaya awiri aja ali m'mwamba, scanner siyikupeza kanthu, ndipo sensa ina ikugwira pa mawaya omwewo. Pamenepo mwabweretsa umboni, ndipo ine sindingakutsutseni.

Choncho mukabwera kwa ine ndi chipangizo chosayankha, bweretsaninso kope. Mundiuze voltage ya pa VCC, ya pa SDA, ya pa SCL, ndi zimene scanner yapeza. Ndikukuuzani, nthawi zambiri mudzakhala mutalipeza nokha vutolo musanagogode pa ofesi yanga.