Chiphe cha M'thengo Chomwe Chimapha Chiwindi Mwakachetechete

Pakati pa chaka cha 1974 ndi 1976, anthu a m'boma la Gulran, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Afghanistan, anayamba kutupa mimba modabwitsa. Manja ndi miyendo zinkawonda, mimba n'kudzaza madzi mpaka munthu kulephera kuwerama. Mwa anthu pafupifupi 35,000 a m'deralo, oposa 7,000 anadwala ndipo ambirimbiri anamwalira. Ofufuza atafika anapeza kuti gwero lake linali buledi. Chilala chinali chitawononga minda, koma chomera chakutchire chotchedwa Heliotropium chinapirira, ndipo njere zake zinakololedwa ndi kugayidwa pamodzi ndi tirigu.

Chiphe chimene chinali m'njerezo chimatchedwa pyrrolizidine alkaloids. Chimapezeka m'mitundu ya zomera pafupifupi 6,000 padziko lonse, ndipo n'zodandaulitsa kuti anthu wamba sachidziwa nkomwe, pamene chakhala chikupha anthu ndi ziweto kwa zaka zoposa 100.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'komvetsa chisoni, chifukwa chiwindi chimadzipweteka chokha. Ntchito ya chiwindi ndi kusungunula zoipa zimene zalowa m'thupi, koma chikamaphwanya chiphechi chimachisandutsa china choopsa kwambiri, chomwe chimamatirira ndi kuwononga khungu lam'kati mwa timitsempha ting'onoting'ono totulutsa magazi m'chiwindimo. Timitsemphato timatupa kenako n'kutsekeka. Magazi amalowa koma potulukira palibe, ngati ngalande yodzaza zinyalala m'nyengo ya dzinja. Chiwindi chimakula n'kumapweteka, madzi amasefukira m'mimba, ena maso amachita chikasu. Amene wapulumuka akhoza kutsala ndi chiwindi chouma ndi zipsera moyo wake wonse. Kuphika kapena kuwotcha sikuthetsa chiphechi, ndipo amene amagwa msanga ndi ana.

Nthendayi anaifotokoza bwino madokotala atatu, Bras, Jelliffe ndi Stuart, ku Jamaica mu 1954. Kumeneko tirigu analibe mlandu. Ana ankamwetsedwa tiyi wa masamba a kutchire monga mankhwala a chimfine ndi chifuwa, ndipo ena mwa masambawo anali a chomera cha Crotalaria. Makolo ankachita izi chifukwa chokonda ana awo, ndipo palibe amene angawaloze chala. Kale mu 1920, ku South Africa, madokotala anali atalemba za mabanja osauka a m'dera la George amene ankafa atadya buledi wa tirigu wosakanikirana ndi chomera chakutchire cha Senecio. Ku India zoterezi zinachitika mu 1975, ku Tajikistan mu 1992 nkhondo itachedwetsa kukolola, ndipo ku Tigray m'dziko la Ethiopia nthenda ya chiwindi imene inayamba kuoneka cha m'ma 2001 inalumikizidwa ndi chomera cha Ageratum conyzoides, chija cha timaluwa tabuluu motuwa chimene chimamera mbwee m'minda ya kuno kwathu.

Chiphechi chimavulazanso mapapo, koma nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. China mwa chiphe chimene chiwindi chapanga chimathawa ndi magazi, ndipo malo oyamba amene chimafikira ndi mitsempha ya m'mapapo. Makoma a mitsemphayo amakhuthala, njira imachepa, ndipo mbali yakumanja ya mtima imakakamizika kupopa mwamphamvu mpaka kukula ndi kufooka. Asayansi amadziwa zimenezi bwino kwambiri moti akafuna kuphunzira za kuthamanga kwa magazi m'mapapo, amabaya khoswe kamodzi kokha ndi monocrotaline, chiphe chochokera ku Crotalaria, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi khosweyo amakhala atadwala. Mahatchi a ku KwaZulu-Natal amene anadya Crotalaria dura ankadwala nthenda ya befu yotchedwa jaagsiekte. Mwa anthu, umboni wochuluka ndi wa chiwindi, ndipo ndi pamenepo pamene chidwi chiyenera kukhala.

Nanga kuno zikutikhudza bwanji? Crotalaria, chomera cha maluwa achikasu chimene nyemba zake zikauma zimalira ngati maseche mwana akazigwedeza, chili ponseponse m'Malawi ndi m'Zambia, ndipo alimi ena amachibzala pofuna kubwezera chonde m'nthaka. Zimenezi n'zabwino, ndipo mitundu yake imasiyana ukali. Vuto limabwera pamene njere zake zalowa m'mapira, m'mawere kapena m'zakudya za nkhuku ndi nkhumba. Miliri yambiri yatchulidwayi inagwera anthu osauka, nthawi zambiri m'zaka za chilala kapena nkhondo, pamene munthu sataya njere ngakhale imodzi. Mayi amene akupeta ndi lichero, n'kumatola tinjere takuda tachilendo kamodzikamodzi asanapite kuchigayo, akugwira ntchito ya chipatala, ndipo alangizi a zaulimi ayenera kumamuuza zimenezo poyera.

Khomo lachiwiri limene chiphechi chimalowera ndi mankhwala azitsamba. Mu 2000, ofufuza a ku South Africa analemba za ana 20 a m'zipatala ziwiri amene mitsempha ya chiwindi chawo inatsekeka, ndipo ankaganiziridwa kuti anamwetsedwa mankhwala achikuda. Izi sizikutanthauza kuti sing'anga aliyense ndi woopsa. Zikungosonyeza kuti mawu akuti "zachilengedwe", amene amalembedwa pamabotolo ogulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp, sachitira umboni kuti chimene chili m'katimo n'chosavulaza. Ku America, bungwe la FDA linalangiza mu 2001 kuti mankhwala akumwa okhala ndi chitsamba cha comfrey achotsedwe pamsika. Mayiko a European Union anaika malire a chiphechi mu tiyi ndi zonunkhiritsa zakudya kuyambira mu 2022.

Malawi Bureau of Standards ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ali ndi udindo woyeza tiyi ndi ufa wa zitsamba zimene zikugulitsidwa, mogwirizana ndi mabungwe a asing'anga. A zaumoyo nawonso akaona mwana wotupa mimba azifunsa modekha, popanda kukalipa, chimene wamwetsedwa kunyumba, chifukwa kholo loopa kudzudzulidwa limabisa. Ndipo kwa makolo pempho ndi limodzi: khanda lisamwetsedwe masamba kapena mizu imene simukuidziwa dzina ndi muyeso wake.