Mwana wophonya biti musamulande timitengo

Sande ina m'mwezi wa Meyi, mwana wa achimwene anga yemwe ndimakhala naye anabwera kuchokera kokonzekera perete wa ma Pathfinder nkhope ili yakugwa. Ali ndi zaka 11. Nsima sanaikhudze madzulo amenewo. Nditamufunsa kachiwiri m'pamene anati, "Azakhali, andilanda timitengo. Akuti ndilibe khutu, ndikusokoneza anzanga." Anali atayesa ng'oma yaing'ono ija ya saidi masabata atatu okha. Sande yotsatira anati mutu ukumupweteka. Inayo ndinamupeza pamsika akusuzumira m'nyumba yoonetsera mavidiyo, nthawi imene anzake anali kuguba.

Ine si woimba. Ntchito imene ndinadzipereka pampingo ndi yoyeza anthu BP ndi kuphunzitsa za zakudya ndi ukhondo. Koma woyeza BP amakhalira kuwerenga kugunda kwa mtima, ndiye ndinayambira pomwepo. Ndinamugwiritsa zala ziwiri pamtsempha wa padzanja lake, ndi kumuuza kuti mtima ukagunda aziponda pansi. Anaponda mphindi yathunthu osaphonya. Kenako ndinayamba kuomba m'manja, iye akuyenda pabwalo motsatira m'manja mwangamo. Ndikafulumira ankafulumira, ndikachedwa ankachedwa. Mwana wotere munganene kuti alibe khutu? Anthu amene sangathedi kumva kugunda kwa nyimbo alipo, koma ndi ochepa kwambiri. Ana ambiri amene timawachotsa pang'oma vuto lawo ndi loti tinawapatsa chida m'manja mapazi asanaphunzire.

Makolo athu izi ankazidziwa ngakhale sankazilemba. Mwana wa kuno ku Ntcheu amayamba kumva biti ali kumbuyo, amake akusinja. Amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi, musi wina ukukwera wina ukutsika, palibe amene amawerenga, koma misi siigundana. Amuna akamavina ngoma, chimene chimagwira gule yense ndi phazi loponda pansi ndi m'manja mwa amayi, ndipo kamnyamata kamakhala kakuponda nawo kumapeto kwa mzere zaka zambiri kasanagwire chishango. Mu 2005 akatswiri awiri a pa yunivesite ya McMaster ku Canada, Jessica Phillips-Silver ndi Laurel Trainor, anayesa makanda a miyezi 7. Anawamvetsera kugunda kumodzimodzi, koma ena ankawadumphitsa pa kugunda kwachiwiri kulikonse, ena pa kwachitatu. Pambuyo pake makanda ambiri ankakonda kumvetsera kugunda kofanana ndi mmene anawadumphitsira. Mmene thupi layendera ndi mmenenso khutu limamvera. Ana athu a lero, amene chimanga chawo chimapita kuchigayo ndipo nyimbo amazimvera pafoni atakhala pansi, sukulu imeneyi ambiri akuiphonya.

Tsono tinabwerera pachiyambi. Masabata awiri oyamba sanagwire kamtengo. Ankangoyenda pabwalo akuwerenga mokweza, wani, thu, firii, folo, phazi lamanzere likugwera pa wani ndi pa firii monga amachitira poguba. Izi zitakhazikika tinawonjezera m'manja: kuomba pa wani pokha, kenako pa thu ndi pa folo, kenako pakati pa mapazi awiri, mwendo uli m'mwamba. Apa ndi pamene panavuta, ndipo inenso ndinapunthwa kangapo, ana a neba akuseka kumpanda. Chinthu chachitatu chinali pakamwa. Oimba ng'oma a kumudzi akamaphunzitsa mwana amayamba amuuza kalilidwe ka ng'omayo ndi pakamwa, mwana n'kubwereza, kenako m'pamene amamupatsa ng'oma. Ifenso tinatero. Chimene ankalephera kuchinena ndi pakamwa akuyenda, sindinkamulola kuchiyesa ndi manja.

Chovuta chachikulu kwa wophunzira aliyense ndi kuthamanga. Pophweka amathamanga, povuta amachedwa, ndipo iye mwini sadziwa. Pafunika china chake chosakondera chomuuza zoona. Oimba amagwiritsa ntchito kachida kotchedwa metronome, kamene Johann Maelzel anakalembetsa m'dzina lake mu 1815, ndipo masiku ano kamapezeka ulele pa foni zamakono. Koma foni ya pakhomo pathu imayenda ndi ine, choncho tinapanga yathu. Mangani mwala waung'ono kapena nati kuchingwe, kolekani pamsomali wa pakhomo, ndipo mukankhe pang'ono. Chingwe chikakhala chotalika mita imodzi kuchokera pamsomali kufika pamwala, mwalawo umachoka mbali ina kufika mbali ina pa sekondi imodzi, kutanthauza ka 60 pa mphindi. Mukachifupikitsa kufika masentimita 55 mupeza pafupifupi ka 80. Pa masentimita 25 mupeza ka 120, lomwe ndi liwiro la perete. Chodabwitsa n'chakuti mwalawo ukamatopa umangoyenda kamtunda kakafupi, koma liwiro la kugundako silisintha kwenikweni. Wotchi ya pakhoma imene imamveka kuti the, the, the nayonso ndi 60 pa mphindi.

Tinayambira pa mita imodzi. Ankadandaula kuti n'zochedwa ngati zapamaliro, koma kuimba pang'onopang'ono n'kovuta kuposa kuthamanga, chifukwa cholakwa chilichonse chimaonekera poyera. Lamulo linali lakuti akaimba bwino kasanu motsatizana, chingwe tichifupikitse ndi zala zitatu. Akalakwitsa, chibwerere pomwe chinali.

Nditayamba kufunsafunsa kwa oimba a mumpingo ndi ena amene ndimakumana nawo kumisonkhano ya misasa, ndinaona kuti chida chilichonse chili ndi msampha wakewake.

Pa ng'oma ya saidi msampha ndi dzanja lofooka. Lamanja limamenya mwamphamvu ndi pa nthawi yake, lamanzere limabwera mochedwa ngati mwana wokakamizidwa kupita kumunda, ndiye ng'oma imamveka yotsimphina. Mankhwala ake ndi kuyamba zoyeserera ndi dzanja lofookalo, ndi kuonetsetsa kuti timitengo tiwiri tikukwera msinkhu wofanana. Pali kaimbidwe kamene oimba ng'oma dziko lonse amayambira: lamanja, lamanzere, lamanja, lamanja, kenako lamanzere, lamanja, lamanzere, lamanzere. Kumenya kusanu ndi kutatu kumeneku kuzimveka kofanana ngati madontho a padenga. Wa ng'oma yaikulu ya besi ntchito yake imaoneka yophweka, ndipo nthawi zambiri timaipereka kwa mnyamata wamkulu thupi m'malo mwa wodekha mtima. Kumeneko n'kulakwitsa, pakuti iye akathamanga gulu lonse limathamanga.

Wa gitala amaphonya posintha kodi. Dzanja lokhwatcha limaima kudikira kuti zala za dzanja linalo zipeze malo, ndipo nyimbo imaduka. Mkulu wina amene wakhala akuimba gitala zaka zambiri anandionetsa kuti dzanja lokhwatcha liyenera kumangotsika ndi kukwera ngati mwala wa pachingwe uja, ngakhale pamene silikukhudza nsambo. Likatsika ndi pa nambala, likakwera ndi pakati. Zala zikachedwa, bola imveke kodi yosakwanira kusiyana ndi kuimitsa dzanja. Anyamata a banjo yopanga okha ndi babatoni izi amazichita osauzidwa, n'chifukwa chake nyimbo zawo siziduka ngakhale nsambo zili za waya wa buleki.

Za kiyibodi ndili nazo mawu, ndipo ena mundikhululukire. Makiyibodi a masiku ano ali ndi batani loti ukadina ng'oma zimadziimba zokha. Poyeserera kunyumba n'zothandiza. Koma achinyamata ambiri akula osadziwa kusunga liwiro popanda batanilo, ndipo magetsi akathima kwaya imabalalika. Chinanso, nyimbo za mu Khristu mu Nyimbo si zonse zoyenda anayianayi. Zina zimayenda atatuatatu, zina zisanu ndi chimodzi zimene zimamveka bwino mukaziwerenga ngati mafunde awiri aakulu, lililonse lili ndi tizigawo titatu. Mukaikakamiza nyimbo yotere mu ng'oma ya anayianayi, agogo amasiya kuimba n'kumangoyang'ana. Wa kiyibodi ayambe wafunsa kuti nyimboyi ikuyenda angati, aponde phazi mizere iwiri, ndiyeno aike manja. Aphunzire dzanja lililonse palokha asanawaphatikize.

Oliza lipenga ndi chitoliro vuto lawo ndi mpweya. Akadikira kuti nthawi yolowa ifike ndiyeno n'kukoka mpweya, achedwa kale. Mpweya umakokedwa pa kugunda kotsogolera, folo akamatha, kuti mawu atuluke pa wani. A kwaya, izi n'zanunso. Ndipo onsewa ali ndi nthenda imodzi: kuba nthawi pa mawu aatali a kumapeto kwa mzere ndi pamalo popumira. Malo opanda mawu nawonso amawerengedwa. Phazi lisaime chifukwa pakamwa patsekeka.

Amene munaonapo mangolongondo mukudziwa kuti oimba amakhala moyang'anizana, wina akumenya m'mipata imene mnzake wasiya, ndendende amayi a pamtondo aja. Ndinabwereka nzeru imeneyi. Ine ndinkaomba m'manja pa nambala, mwana akuomba m'mipata, kenako n'kusinthana. Kusunga biti uli wekha ndi chinthu china, kuisunga mnzako akuimba zosiyana ndi zako ndi chinanso, ndipo pa perete chimene chimafunika n'chachiwirichi.

Tsopano za thupi, popeza tsamba lino ndi la zaumoyo. Munthu wamkulu akakhala phee mtima wake umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo akachita mantha umakwera. Tsiku lina alendo atabwera ndinamuuza mwana kuti awaimbire. Anathamanga ngati akuthawa galu. Nditamugwira pamtsempha ndinapeza 116, pamene masiku onse amakhala cha m'ma 80. Mtima ukathamanga, liwiro loyenera limaoneka ngati lochedwa. N'chifukwa chake kukalipira mwana wophonya kumangowonjezera kuphonyako. Asanayambe, apume mozama katatu, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, mapewa atagwa, ndipo awerenge anayi mumtima.

Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola atatu pa Sande pokha, chifukwa zimene manja aphunzira masana zimakhazikika munthu akagona tulo tokwanira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka inu a ku Tsangano, Lizulu ndi Mlangeni kumene chisanu sichiseka, mwana atikite manja ndi kugwedeza zala asanagwire chida. Zala zozizira zimachedwa, ndipo iye amalimbitsa dzanja mpaka mkono kupweteka. Kupweteka kukayamba, apume.

Makutu asamalidwe. Bungwe la WHO limati phokoso la madesibelo 80 munthu wamkulu angalimve maola 40 pa sabata popanda vuto, koma likakwera nthawiyo imachepa msangamsanga. Ng'oma ya saidi ikamenyedwa mwamphamvu pafupi imapitirira 100. Kuyeserera ng'oma zisanu m'kalasi ya malata, mazenera otseka, ndi kuononga ana. Tulukani panja. Kunyumba mwana amenye pa chidutswa cha tayala kapena pa silipasi yakale, adzamva bwino kumenya kulikonse ndipo aneba adzakudalitsani. M'makutu mukamalira pambuyo poyeserera, dziwani kuti phokoso linapyola. Ndipo ngati mwana akuphonya nthawi zonse, amatembenuza mutu kuti amve ndi khutu limodzi, kapena m'khutu mumatuluka mafinya, pitani naye kuchipatala akamuone. Mwina mawu oti alibe khutu ali ndi tanthauzo lina limene mphunzitsi sanaliganizire.

Luso limeneli silithera pa nyimbo. Amene tinaphunzira chithandizo choyamba tikudziwa kuti munthu mtima wake ukaima, pachifuwa pamadinidwa ka 100 mpaka 120 pa mphindi, liwiro lomwe lija la perete. Madokotala a mafupa ndi minyewa amagwiritsanso ntchito kugunda kokhazikika pothandiza odwala sitiroko ndi matenda a Parkinson kuti ayende bwino, ngakhale zimenezo n'zofunika uphungu wawo, osati kungoyesa pakhomo.

Mu Ogasiti ndinapita naye kwa mphunzitsi wa ng'oma uja, mnyamata wodzipereka amene naye anaphunzira mongoonera. Sindinakadandaule. Ndinangopempha kuti amumvere mphindi ziwiri. Anamumvera, n'kumuika kumapeto kwa mzere wa saidi, pafupi ndi wa besi. Chingwe ndi mwala anandipempha kuti ndimusiyire, ndipo pano ana atsopano amayamba ndi kuyenda ndi kuomba m'manja. Pa perete woyamba mwana wathu anayamba bwino, koma pofika pamene panakhala akuluakulu ndinamva kang'oma kamodzi katsogola anzake. Ndinamuona akuyang'ana phazi lake lamanzere, milomo ikugwedera kuwerenga, ndipo asanafike pangodya anali atabwerera mumzere. Chingwe cha pakhomo pathu chili pa masentimita 30 tsopano, ndipo zivundikiro za mapoto anga zonse zili ndi mabala.