Medog: boma lomwe linalibe msewu tsopano lasenza damu lalikulu

Kufikira m'chaka cha 2013, boma la Medog, lomwe lili kum'mwera chakum'mawa kwa chigawo cha Tibet, linali lokhalo m'dziko lonse la China lomwe linalibe msewu wodalirika wa galimoto. Mchere, mankhwala ndi katundu wina zinkafika kumeneko pamsana pa anthu ndi akavalo, atayenda masiku angapo m'mapiri. Lero dera lomwelo lili pakati pa ntchito yomanga malo opangira magetsi a madzi omwe akuyembekezeka kuposa ena onse padziko lapansi.

Pa 19 July 2025, nduna yaikulu ya China, Li Qiang, idakhazikitsa ntchitoyi ku Nyingchi, mzinda womwe umayang'anira Medog. Boma la China lidalengeza kuti padzakhala malo asanu opangira magetsi pamtsinje wa Yarlung Tsangpo, ndipo ntchitoyi idzadya ndalama pafupifupi 1.2 thiriliyoni yuan. Chiyembekezo n'choti magetsi ake adzachuluka katatu kuyerekeza ndi a damu la Three Gorges.

Chomwe chakopa akatswiri ndi chomwecho chidatsekereza Medog kwa zaka zambiri. Mtsinje wa Yarlung Tsangpo ukafika kumeneko umakhota mozungulira phiri la Namcha Barwa, lotalika mamita 7,782, n'kulowa m'chigwa chozama kwambiri. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha, madzi amatsika mamita 2,000. Kumtunda kumazizira koopsa, pomwe m'chigwamo mumatentha, mvula imagwa yambiri, nthochi ndi mpunga zimabereka. Mvula yomweyo imagumula mapiri, ndipo ndiyo inkakokolola misewu yomwe idayesedwa kale. Msewu wa makilomita 117 wochokera ku Bome udatsegulidwa mu October 2013 atabowola phiri la Galongla, ndipo chibwerereni msewuwo ulimi wa tiyi ndi zokopa alendo zakula m'derali.

Funso lalikulu tsopano ndi lakuti anthu a m'bomali, omwe kalembera wa 2020 adapeza kuti sakwana 15,000, ali ndi mawu otani pa ntchito yomwe isinthe malo awo. Ambiri mwa iwo ndi a mitundu ya Monpa ndi Lhoba, yomwe ndi yochepa kwambiri m'dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni.

Yankho lagona m'kayendetsedwe ka maboma ku China. Ulamuliro umatsika kuchoka ku Beijing kupita kuchigawo, kenako kumzinda waukulu ngati Nyingchi, n'kufika paboma ngati Medog. Pansi pa boma pali madera ang'onoang'ono, omwe ku Medog alipo asanu ndi atatu, ndipo pansi pake pali midzi. Boma lotere ndilo limayendetsa sukulu, zipatala, apolisi ndi nkhani za malo, choncho mlimi akamati "boma" amanena maofesi a palikulu la dera lake.

Paboma lililonse pali akuluakulu awiri. Pali mkulu wa boma, yemwe amayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, komanso mlembi wa chipani cha Chikomyunizimu, yemwe ndiye mwini mphamvu. Anthu amavotera nthumwi za nyumba ya malamulo ya boma lawo, koma mlembi wa chipani amasankhidwa ndi akuluakulu apamwamba, ndipo kukwezedwa kwake kumadalira momwe wakwaniritsira zomwe adamutuma. Kuonjezera apo, maboma a ku Tibet amatolera ndalama zochepa, kotero amadalira thumba la likulu komanso thandizo la zigawo zolemera, monga Guangdong yomwe idapatsidwa udindo wothandiza Nyingchi.

Dongosolo limeneli lili ndi mphamvu zake. Popanda ndalama ndi lamulo lochokera kumwamba, boma la anthu ochepa chotere silikadakwanitsa kubowola phiri. Koma wolandira chilichonse kuchokera kumwamba savuta kumuuza zochita. Ntchito ya damuyi idavomerezedwa ku Beijing mu December 2024, ikuyendetsedwa ndi kampani ya boma ya China Yajiang Group, ndipo gawo lalikulu la magetsi lidzatumizidwa kumadera ena. Zotsalira maofesi a ku Medog ndi zolemetsa: kuyeza minda, kuwerengera chipukuta misozi ndi kufotokozera mabanja ngati padzafunike kuti asamuke. Damu la Three Gorges lidasamutsa anthu oposa 1 miliyoni. Ku Medog chiwerengero sichingafike pamenepo, komabe kwa mtundu wochepa, kubalalika kwa midzi iwiri kapena itatu kungafooketse chilankhulo ndi miyambo.

Palinso chiopsezo cha chilengedwe. Mu August 1950, chivomezi cha mphamvu ya 8.6 chidagwedeza dera la m'malire a Tibet ndi Assam, ndipo Medog idali m'gulu la malo omwe adawonongeka kwambiri.

Nkhaniyi sikuthera m'malire a bomali. Mtsinjewu ukatuluka ku Medog umalowa ku India, komwe umadzatchedwa Brahmaputra, kenako ku Bangladesh, komwe umatchedwa Jamuna. Malirewo ndi a mkangano, pakuti China imati dera la Arunachal Pradesh, lomwe likulamulidwa ndi India, ndi lake. Mayiko awiriwa alibe pangano logawana madzi. India idadandaula kale za ntchitoyi, pomwe China ikuti mayiko a kumunsi sadzavutika.

Dziko lidzayeza ntchitoyi ndi kuchuluka kwa magetsi komanso ubale wa Beijing ndi New Delhi. Mlimi wa tiyi wa ku Medog adzayiyeza ndi munda wake, ndipo ofesi yomwe adzapiteko kukadandaula si yomwe idapanga chiganizocho.