MAPIRITSI SALOWA M'MALO MWA NDIWO

Anthu ambiri a kumidzi akapita kukaceza kwa abale ao ku Lusaka amabwerako ndi timabotolo ta mapiritsi amene ogulitsa amati alimbitsa thupi ndi kuonjezera magazi. Malonda amenewa afala m'makomboni a Kanyama, Chawama, Matero ndi George, ndipo tsopano afika ndi kumidzi komwe. Nkhaniyi ifunika kuiganizira bwino, pakuti ndalama imene ithera pa botolo ndi yomweyo ikanagula ndiwo za mwana.

M'komboni kanthu kalikonse nkogula. Banja lopanda munda limagula ufa wa pamela tsiku ndi tsiku, ndipo ndiwo zikacepa mwana amangodyera msuzi. Mimba imakhuta koma thupi silikula. Kufufuza kwa Boma kwa caka ca 2018 kunapeza kuti pa ana 100 alionse osafika zaka 5 m'dziko lino, ana 35 anali opinimbira. Vuto lotere silitha ndi botolo la pamsika.

Sikuti zoonjezera pa cakudya zonse nzoipa ai. Boma linakhazikitsa bungwe la National Food and Nutrition Commission mu 1967 kuti liziyang'anira kadyedwe ka anthu, ndipo mu 1998 linalamula kuti shuga wogulitsidwa m'masitolo aziikidwa vitamini A. Kawiri pa caka, pa sabata ya umoyo wa ana, anamwino a ku Kalingalinga, Mtendere ndi m'zipatala za kumidzi amadonthezera ana vitamini A mkamwa kwaulere: kambulu kobiriwira ngati thambo kwa a miyezi 6 mpaka 11, kofiira kwa a caka cimodzi mpaka kufika zaka 5. Vitamini ameneyu amateteza maso ndiponso amathandiza thupi kulimbana ndi cikuku ndi kutsegula m'mimba. Amai apakati naonso amalandira mapiritsi oonjezera magazi ku sikelo.

Kusiyana kwake ndi uku: za kucipatala zili ndi muyeso, ndipo wopatsa adaphunzira nchito yake. Za pamsika munthu amamwa mwa mphekesera. Vitamini A akaculuka amaunjikana m'ciwindi, ndipo angathe kuononga mwana amene ali m'mimba. Coopsa cina ncakuti kholo limakhulupirira botolo nkucedwa kupita ndi mwana wotupa miyendo kucipatala, kumene akanapatsidwa cithandizo ceniceni.

Tsono mlimi asasirire za m'tauni. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nshawa za ku Chipata ndi Katete, nyemba, soya, mazira, cibwabwa, kalembula, mango ndi mapapaya zili pakhomo. Cimanga ca mtundu wa lalanje, cimene mbeu zake zinatulutsidwa mu 2012, naco cili ndi vitamini A. Phala lothira nsinjiro m'mawa ulionse lipambana mapiritsi ogula pa kantemba.

Motero pa nthawi yokolola banja lisagulitse nshawa ndi nyemba zonse. Liyambe lapatula za ana. Mafumu ndi alangizi akumbutse amai kupita ndi ana ku sikelo mwezi ndi mwezi, khadi lili m'manja. Ndipo wopita kukaona adzukulu ku Chawama kapena ku Kanyama anyamule kathumba ka nshawa ndi mfutso. Pobwerera, ndalama ya botolo agulire kapenta.