MADZI OYERA M'MASO, NANGA M'THUPI?

Zitsime zathu tinakumba ndi manja athu, koma ndani anayesapo madzi ace?

M'madzi mubisala mankhwala ena, dzina lace nitrate, ocokera ku feteleza, kuzimbudzi ndi kumakola. Alibe mtundu, alibe fungo. Akalowa m'thupi asanduka nitrite, ndipo magazi alephera kunyamula mpweya. Woyamba kuvutika ndi khanda losafika miyezi 6: milomo ida, nalo libanika. Dokotala Hunter Comly anaona zimenezi ku Iowa m'caka ca 1945, pa makanda omwa madzi a pacitsime. Kuwiritsa kupha tizirombo, koma mankhwalawa atsala mumphika momwemo.

Bungwe la WHO linaika malire: mamiligalamu 50 a nitrate, kapena 3 a nitrite, pa lita imodzi. Maso sangawerenge zimenezo.

Comweco tipempha a Boma kuti mijigo ndi zitsime ziyesedwe caka ndi caka, ndipo zopezekazo ziwerengedwe pabwalo, anthu onse akumva. Ifenso eni ace, cimbudzi tikumbe kumunsi kwa citsime, patali mamita 30.

Kumsonkhano wa Loweruka bwerani ndi maina a zitsime za m'mudzi mwanu.

MLEMBI WA NTHAMBI