Mfuti yampikisano si ya mufilimu

Pali bodza limene mafilimu a Rambo anadzala m'mitu mwathu, ndipo ngakhale aphunzitsi anzanga a Physics ena amalikhulupirira. Bodza lake ndi lakuti mfuti yabwino ndi imene imalavula zipolopolo zambiri pa kanthawi kochepa. Ine ndikukana. Pa mpikisano wowombera chandamale, mfuti yoyenera kusankha ndi ya bolt action yolowa chipolopolo chimodzi basi. Amene akukuuzani kuti imeneyi ndi yachikale ngati gogodela wa agogo sakudziwa zimene akunena.

Poyamba tigwirizane za chinthu chimene tikukanganirana. Kumbuyo kwa mpope wa mfuti kuli chipangizo chimene chimalowetsa chipolopolo, kutseka, kuwomba ndi kutulutsa chikhungwa chake. Pa bolt action chipangizochi chimagwira ntchito ngati mpiringidzo wa chitseko: umakankha ndi dzanja, n'kupotokola, mano ake n'kuluma. Pa semi-automatic, mphamvu ya wonga womwewo ndi imene imabweza mpiringidzo n'kulowetsa chipolopolo china, iwe osagwirako.

Tsono taonani chimene wowombera akulimbana nacho. Pa mpikisano wa ISSF wa mamita 50, kabwalo kapakati kopatsa mapointi 10 n'kotambalala mamilimita 10.4 okha, ngati batani la malaya a yunifolomu. Ku Bisley ku England, kumene bungwe la National Rifle Association la dzikolo linasamukira mu 1890 kuchoka ku Wimbledon, amawombera mpaka mayadi 1,200, omwe ndi mamita 1,097. Pa mtunda wotere, kagwedezeko kosaoneka ndi maso kakutayitsa mphotho.

Apa ndi pamene ndikufuna ana anga akale akumbukire phunziro la vibrations lija munkagona nalo m'kalasi. Mfuti ikalira, mpope umanjenjemera ngati lula yomenyedwa pamphepete pa desiki. Kunjenjemerako sungakuthetse. Chimene ungachite ndi kuonetsetsa kuti kukuchitika mofanana nthawi iliyonse. Bolt action yolowa chipolopolo chimodzi ilibe chibowo cha magazini pansi pake, choncho chitsulo chake n'cholimba ndipo sichipindika. Mano a mpiringidzo amagwira chipolopolo malo amodzimodzi tsiku lililonse. Palibe chitsulo cholemera chimene chikuthamanga m'kati, palibenso mpweya wa wonga umene ukupatutsidwa kuti ukakankhe zinthu zina. Pa semi-automatic, chilichonse chowonjezera chimene chimayenda ndi khomo linanso lolowera cholakwika.

N'chifukwa chake kampani ya Anschütz ya ku Germany, imene inatulutsa Match 54 m'zaka za m'ma 1950, inalamulira mipikisano ya mamita 50 kwa zaka zambiri ndi kapangidwe kosavuta komweko. Ku Bisley nako anthu anayamba ndi mfuti za asilikali, kuphatikizapo Lee-Enfield ya .303 imene azigogo athu a King's African Rifles ankanyamula. Mano a mpiringidzo wake ali kumbuyo, zimene zimaipatsa liwiro pankhondo koma zimalola chitsulo kutamuka pang'ono. Atasinthira ku chipolopolo cha 7.62, owombera anapita ku mfuti zolowa chimodzi zokhala ndi mano kutsogolo, monga Swing ya ku Britain, Musgrave ya ku South Africa ndi Barnard ya ku New Zealand. Palibe amene anawakakamiza. Mapointi ndi amene anawaphunzitsa.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe. Muti, nanga ku America, ku Camp Perry, si amapikisana ndi AR-15 imene ili semi-automatic? Zoona, ndipo amalasa bwino. Koma gawo limenelo ndi la mfuti za asilikali, ndipo malamulo ake amafuna kuwombera kangapo nthawi itawerengedwa. Pamenepo mfuti yasankhidwa ndi lamulo la mpikisano. Musatenge lamulo la netibolo n'kukaweruzira mpira wamiyendo.

Ngati mukufuna masewero amene liwiro ndi lofunikadi, onani biathlon, kumene munthu amathamanga pa chipale chofewa kenako n'kuwombera zandamale zisanu pa mamita 50 mtima ukugunda ngati ng'oma. Akaphonya chimodzi amazungulira mamita 150 achilango. Ngakhale kumeneko semi-automatic ndi yoletsedwa. Chimene Peter Fortner anachita mu 1984 ndi kupanga mpiringidzo wokoka molunjika, wotseka ndi timipira tachitsulo, umene umakokedwa ndi chala cholozera n'kubwezedwa ndi chala chachikulu popanda kuchotsa tsaya pa mfuti. Anafulumizitsa dzanja, koma kutseka kolimba kuja sanakutaye. Lero othamanga ambiri a biathlon amagwiritsa ntchito Anschütz 1827 Fortner.

Kwa inu amene muli ku Britain kapena ku South Africa ndipo mukuganiza zolowa kalabu yowombera, malangizo anga ndi awa. Werengani malamulo a mpikisano musanatulutse ndalama m'thumba. ISSF imafuna kulowetsa chipolopolo chimodzichimodzi, ndiye magazini yanuyo mukaigwiritsa ntchito kuti? Ku Britain, kuyambira lamulo la 1988 limene linabwera anthu ataphedwa ku Hungerford mu 1987, semi-automatic ya chipolopolo chachikulu simungaloledwe n'komwe. Yambani ndi mfuti ya kalabu ya .22, ndipo ndalama zanu zipite ku zipolopolo zophunzirira. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Ndipo aphunzitsi anzanga, mwana akakufunsani za mfuti m'kalasi musamuthamangitse, musamuyankhenso ndi za mufilimu. Jambulani mpiringidzo pa bolodi, mumufunse kuti ndi zitsulo zingati zimene zikuyenda chipolopolo chisanatuluke mumpope, ndipo aziwerenge yekha.